Ndabwerako ku Joni, koma kumudzi kwathu ndasanduka mlendo

Mbewe wa ku Linthipe:

Abale anga a ku Dedza ndi ku Ntcheu, makamaka akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Nkhaniyi yakhala ikundidya mumtima, ndipo kunyumba ndilibe woti ndingakambe naye popanda kumudandaulitsa.

Kwathu ndi mudzi wina kufupi ndi mtsinje wa Linthipe, kungopatuka pang'ono pa msewu wa M1. Ndinachoka ndili mnyamata, sukulu itandikanika chifukwa cha fizi. Ndinakwera basi zija zotulukira pa chipata cha Dedza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kudutsa dziko la Zimbabwe mpaka Beitbridge. Ku Johannesburg ndinafikira kwa mnyamata wa ku Chimbiya amene sitinkadziwana n'komwe. Atangomva kuti ndine wa ku Dedza anandiyalira pansi m'kachipinda kake, m'mawa mwake n'kunditenga ku ntchito yake yopenta nyumba. Kupenta ndinaphunzira kwa iyeyo. Kuika matailosi ndinaphunzira kwa bambo wina wa ku Mangochi, amene ankandichotsetsa mzere wonse ukangopindika pang'ono. Onsewa palibe anandilipiritsa ngakhale tambala.

Kumeneko tinali ndi gulu lathu la Amalawi. Mwezi uliwonse tinkasonkha. Mnzathu akamwalira tinkatumiza thupi kumudzi, akagwidwa chifukwa cha mapepala tinkathamanga, wina akamva kuti kwina kukufunika anthu antchito ankaimbira anzake usiku womwewo. Zipolowe zothamangitsa alendo zitabuka mu 2015, ena anakwera mabasi amene boma lathu linatumiza, ife otsala tinkagona malo amodzi n'kumasinthana kulondera. Dziko linali la eni, koma sindinadzimvepo kuti ndili ndekha.

Tsopano ndabwerako, ndipo zobwereranso ndilibe nazo maganizo. Amayi akalamba, maondo akuwavuta. Ndamanga nyumba ya malata pafupi ndi yawo, atsibweni andigawira munda ndi kadimba kumtsinje. Ndabwera ndi mkazi wanga, wa ku Mulanje, amene tinakumana konko, ndi mwana wathu wamwamuna wobadwira konko.

Vuto langa ndi ili. Anthu amandipatsa moni mwaulemu wonse, koma zimathera pomwepo. Dzina langa aliiwala, ndine "wa ku Joni" basi. Ndikafika pabawo, nkhani zomwe zimakambidwa zimaduka, n'kuyamba kundifunsa za mitengo ya mafoni. Obwera pakhomo panga ambiri amabwera ndi vuto la ndalama, ndipo ndikanena kuti ndilibe amachoka nkhope zitasintha. Anzanga amene tinkawetera limodzi mbuzi lero ndi abambo a mabanja, ali ndi nkhani zawo za makalabu ndi makomiti zomwe ine sindikuzidziwa mutu wake.

Ndikufunitsitsa kulima mbatatesi ndi tomato, koma ulimi umenewu sindiudziwa. Pomwe ndinkachoka ndinkangodziwa kupalira chimanga cha amayi. Ndikafunsa amene akuchita bwino, yankho lawo ndi lakuti, "Inu abwana mungolemba aganyu, mudzavutikiranji." Mkazi wanga ndiye akumva kuwawa kuposa ine. Kumjigo amayi amamuseka kayankhulidwe, ndiye wayamba kupita kukatunga madzi masana dzuwa lili paliwombo, nthawi yomwe kulibe anthu. Amayi anga amangoti khalani phee, adzakuzolowerani. Koma ine ndikuona ngati tikamakhala phee m'pamene mpata ukukulirakulira.

Nthawi yonse imene ndinali kunja, maliro akagwa m'mudzi ndinkatumiza chipepeso. Njerwa za tchalitchi ndinasonkha nawo. Sindikunena izi mowerengera, ndikungofuna mumvetse kuti kwathu sindinakutaye.

Ndiye funso langa: munthu amalowanso bwanji pakati pa anthu ake? Amene munabwerako kutali, kapena munaonapo wina atazolowerananso ndi anthu, zinayenda motani? Ndipo ulimiwu ndingauphunzire kwa yani ngati odziwa akundikankha mwaulemu chonchi?

Nachisale wa ku Bembeke:

AMbewe, mwana wanga, ndawerenga zonse ndipo zandikhudza, chifukwa mlongo wanga anabwerako ku migodi kalelo ndipo anavutika chimodzimodzi. Ine ndine mayi wachikulire, ndiyankhula mosapsatira.

Funso langa loyamba ndi la maliro. Chibwerereni, maliro a m'mudzimo mukukhuza motani? Chipepeso chomwe munkatumiza chinalembedwa m'buku, chinagula ufa ndi bokosi, ndipo anthu anathokoza ndi mtima wonse. Koma amuna amene anachezera limodzi pamoto pa siwa, amene anakumba manda mvula ikuwakhuthukira, amadziwana mwa njira ina imene ndalama siifikapo. Zaka zonsezo anzanu aja akhala akuikirana makolo ndi ana. Inu panalibe, osati mwadala, komabe panalibe.

Choncho uthenga ukamveka, musadikire tsiku loika. Pitani madzulo omwewo, mukhale ndi amuna anzanu mpaka kucha. M'mamawa tengani khasu kapena fosholo mutsate adzukulu. Valani zovala zakumunda, nsapato za ku Joni zitsale kunyumba. Lowani m'dzenje nthawi yanu ikakwana, ndipo nsima ya adzukulu ikabwera idyani nawo mbale imodzi. Kumanda n'kumene amuna amacheza zenizeni: ndani ali ndi mbewu yabwino chaka chino, malire a munda wa uje amathera pati, ndani akudwala koma akubisa. Zomwe zimaduka pabawo mukazimva kumeneko. Chenjezo limodzi: kwanuko ndi kwa gule, ndiye ngati maliro ndi a mwambo umenewo ndipo inu simunamete, funsani atsibweni anu pomwe muyenera kulekezera. Musalowe paliponse chifukwa choti Nachisale wanena.

Za mkazi wanu, ntchito imeneyo ndi ya amayi anu, ndipo muwauze mwaulemu kuti kukhala phee sikuthandiza. Mtengwa salowa yekha pakati pa amayi, amalowetsedwa ndi apongozi ake. Ngati maondo akuwavuta, apemphe mng'ono wawo kapena mlongo wanu. Pamaliro mkaziyo anyamule kambale ka ufa ndi mtolo wa nkhuni, akatunge madzi, akakhale pamafuwa utsi ukumulowa m'maso limodzi ndi anzake. Akamuseka kayankhulidwe aseke nawo, awafunse kuti kuno mumati chiyani. Awaphikireko kalongonda kapena nandolo mmene amaphikira kwawo. Amayi sitichedwa kufewa kwa munthu amene tagwira naye mthiko.

Kenako alowe banki mkhonde. Ine ndakhalamo nthawi yaitali. Timakumana sabata iliyonse pakhonde pa mmodzi wa ife, timagula masheya, wofuna ngongole amatenga n'kubweza ndi chiwongoladzanja. Bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo limatsekulidwa pamaso pa aliyense. Pali kathumba kena ka zadzidzidzi, ka matenda ndi maliro. Chaka chikamatha timagawana, nthawi yabwino yogula feteleza ndi kulipira fizi. Koma chimene ndapindula kwambiri si ndalamazo. M'gulu mwathu muli amayi amene anabwera osadziwa kulemba dzina, ankadinda chala. Manyazi odinda chala pamaso pa anzawo ndi amene anawapititsa ku sukulu ya kwacha, ndipo mmodzi wa iwo lero ndi mlembi wathu. Kuphika mandasi ogulitsa, kusunga mbatatesi yambewu, kudziwa tsiku la sikelo, zonse timaphunzitsana pomwepo tikudikira kuti owerenga ndalama amalize.

Simunanene mpingo wanu. Ife Akatolika kuno tili ndi miphakati, timapemphera m'makomo mosinthana, ndipo wina akadwala timakamulimira. A CCAP ali ndi Chigwirizano cha amayi. Kulikonse kumene mumapemphera, musamangopita Lamulungu n'kukhala kutsogolo. Funani kagulu kakang'ono kamene kamakumana mkati mwa sabata, kamene mukajomba anthu amafunsa kuti kodi aMbewe kwagwanji.

Ngozo wa ku Tsangano:

Achimwene, ine ndiyankhapo za mbatatesi, chifukwa kuno ku Ntcheu kumtunda ndiye chakudya chathu, fizi yathu, malata athu.

Amene akukuuzani kuti lembani aganyu sakukumanani nzeru. Akuganiza kuti mukufunsa mongocheza, kuti mvula ikangoyamba mudzakwera basi. Aona ambiri otero. Komanso ulimi umenewu sufotokozeka pabawo. Sankhani mlimi mmodzi amene munda wake mwausirira, mudzuke m'mamawa ndi khasu lanu, mukamupeze kumunda mumuuze kuti ndabwera kudzakuthandizani kukwezera. Musatchule za malipiro, iye kwa inu kapena inu kwa iye. Tsiku loyamba achita manyazi, akukanizani. Bwererani mawa lake. Ine ndinaphunzira chonchi kwa mkulu wina amene sankayankhula zambiri, koma dzanja lake likagwira tsamba ndinkaona chomwe akuyang'ana.

Chifukwa chake muyenera kukhala ndi anthu ndi ichi: mbatatesi imafera pa mbewu. Pali matenda ofota, amene mmera umangolefuka dothi lili lonyowa bwinobwino, ndipo mukadula mbatatesi yake mumaona mzere wakuda mkati ndi timadzi toyera tikutuluka. Matendawa alibe mankhwala opopera. Amayenda ndi mbewu, ndipo akalowa m'munda amakhala m'dothi zaka. Pamsika, kaya pa Lizulu kaya pa Bembeke, mbewu yodwala ndi yabwino zimaoneka chimodzimodzi. Njira yokhayo ndi kugula kwa munthu amene munda wake munauona uli wobiriwira, ndipo amene angachite manyazi kukunamizani chifukwa mudzakumana naye kutchalitchi. Mlendo wa ndalama ndi amene amagulitsidwa mbewu yoipa. Ikhale mbewu ya mtundu wa Violet kapena Rosita, sankhani yaikulu ngati dzira la nkhuku, yophuka maso bwino. Musabzale pamene panali mbatatesi, tomato kapena fodya chaka chatha, chifukwa matenda awo ndi amodzi. Kadimba kanuko mukagawe, musaike tomato ndi mbatatesi motsatizana pamalo amodzi. Pakati pake pazilowa chimanga kapena nyemba.

China ndi chiwawu. Chimabwera kukakhala chifunga, kuzizira ndi mvula yamawawa, nyengo imene kuno kumapiri sisowa. Masamba amada ngati apsa, ndipo mukachedwa munda wonse umapita m'masiku ochepa. Mankhwala amathandiza mukapopera chisanafike. M'kalabu mwathu wina akangochiona amauza onse tsiku lomwelo, ndipo sipuleya timabwerekana. Mbozi zija zinavuta chimanga cha m'ma 2017, tinadziwa msanga chochita chifukwa alangizi anafikira ku kalabu. Alangizi a zaulimi ndi ochepa, dera lawo ndi lalikulu, sangayendere munthu mmodzimmodzi. Amafikira kwa mlimi wotsogolera ndi pamunda wachitsanzo. Funsani kuti mlimi wotsogolera kwanuko ndi ndani.

Kukalabu komweko n'kumene tinaphunzira manyowa a Mbeya feteleza atakwera mtengo: feteleza pang'ono, gaga, phulusa, ndowe zouma zopera bwino ndi madzi, kusakaniza, kumanga m'thumba la pulasitiki mkati kuti mpweya usalowe, n'kudikira masiku 21. Muyezo wake akakuonetseni ndi manja, chifukwa madzi akachuluka zimawola.

Pogulitsa ndiye musayerekeze kukhala nokha. Mavenda amabwera ndi matumba awo osokerera pamwamba, thumba limodzi lolowa zochuluka kuposa muyezo, ndipo amayamba ndi mlimi amene ali ndi vuto la ndalama kuti agwetse mtengo wa mudzi wonse. Ife timagwirizana mtengo tisanakumbe. Sikuti nthawi zonse zimatheka, wina mwana akadwala amagulitsa basi ndipo sitimuimba mlandu. Koma chiyambire kugwirizana sationanso ngati kale.

Nabanda wa pa Dedza boma:

Pepani amayi Nachisale, ulemu wanu, koma ine ndikuonako mbali ina ndipo ndi bwino aMbewe aimve asanalowe paliponse.

Ine ndimagulitsa kaunjika. Banki mkhonde ndinalowamo, ndipo ndinaona ndi maso anga mayi akulandidwa ziwiya, mphasa ndi mbuzi, ana ake akuonerera. Anatenga ngongole mwamuna wake akudwala, chiwongoladzanja m'gulu limenelo chinali 20 peresenti pamwezi, analephera, anakatenga ku gulu lina kuti abweze koyambako, mapeto ake anathawira ku Mozambique. Amene anakamulanda katunduyo ndi anzake omwe ankaimba nawo kwaya. Magulu ena amakakamiza membala aliyense kutenga ngongole ngakhale alibe chochita nayo, kuti chiwongoladzanja chichuluke pogawana. Ndipo osaukitsitsa, amene alibe ya sheya sabata iliyonse, salowamo n'komwe. Amangomva kuseka pakhonde la mnzawo akudutsa.

Ndiye alamu athuwo asathamangire gulu loyamba limene lawaitana. Mkazi wa munthu wa ku Joni aliyense amufuna, chifukwa akudziwa kuti masheya ake sadzajomba. Ayambe wafunsa: malamulo analembedwa? Wolephera kubweza amatani naye? Chaka chatha anagawana mwamtendere?

Inunso achimwene, mukangoonetsa nkhope pa kalabu kapena komiti, adzafuna kukusankhani wapampando kapena msungichuma. Kanani. Akudziwa kuti ndalama zikaperewera mudzatulutsa za m'thumba mwanu, ndipo zikasowa dzina loipa lidzakhala lanu. Komanso mukakolola bwino chaka choyamba, konzekani kumva kuti munabwera ndi mankhwala kuchokera ku Joni. Kumudzi kuli chikondi, inde, koma kulinso kaduka, ndipo tisamabise.

Chimene chikundipweteka m'nkhani yanu n'chakuti mtolo wonse tikuusenzetsa inu. Inu mukumbe manda, inu mukalime kwa eni, mkazi wanu aseke pomwe akusekedwa. Nanga amayi akumjigowo alibe mlandu? Mtsikana wachoka ku Mulanje, wasiya abale ake, wabwera kudzasamala nawo gogo wa m'mudzi mwawo, iwo n'kumamuseka. Payenera kupezeka mayi mmodzi wowadzudzula.

Ine anthu anga ndinawapeza ku timu ya mpira wamanja. Kumeneko palibe anafunsa kuti ndili ndi zingati. Ndipo atsikana a kutimuko ndi amene anandionetsa kopikula mabelo ndi mmene ungadziwire belo labwino usanalitsekule. Ngati alamuwo ankasewerako kusukulu, ayambire kumeneko.

Banda, mphunzitsi wopuma, ku Mayani:

AMbewe, ndayamba ndawerenga mayankho onse. Mwana wathu Nabanda wanena zoona, ndipo amayi Nachisale anenanso zoona. Gulu labwino ndi loipa amasiyana pa zinthu zooneka: buku limawerengedwa mokweza pamaso pa onse kapena limakhala m'chikwama cha munthu mmodzi, maudindo amasinthana kapena ndi a banja limodzi chaka ndi chaka. Yang'anani zimenezo.

Ine ndikufuna ndiyankhule za kuphunzira, poti ndiyo inali ntchito yanga. Ndinkakonda kutenga ana a sukulu kukaona zojambula za pa miyala ku Chentcherere. Dera la Chongoni lili ndi malo 127 otere, ndipo bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse mu 2006. Zofiira zija anajambula ndi Akafula, zoyera anajambula ndi makolo athu Achewa, ndipo zambiri mwa zoyerazo zimakhudza chinamwali ndi gule. Ndinkawauza anawo kuti pano panali pophunzirira kalekale Amishoni asanamange Mua mu 1902. Anamkungwi sankalandira malipiro a pamwezi. Mudzi unkadziwa kuti mwana wosalangizidwa adzavutitsa onse, ndiye kulangiza inali ntchito ya onse. Ndipo amene analangizidwa limodzi ankakhala pa ubale moyo wawo wonse. Pa zimene ndaona, anthu amagwirizana kwambiri ndi amene anaphunzira nawo chinthu, kapena amene anawaphunzitsa. N'chifukwa chake mnyamata wa ku Chimbiya ndi bambo wa ku Mangochi simukuwaiwala.

Apa m'pamene ndikufuna muganizire. Mwalemba zambiri za zimene simukudziwa, koma muli ndi luso m'manja limene m'mudzi mwanumo mwina palibe wina ali nalo. Kwanuko kuli anyamata angati amene analekeza Fomu 2, amene akungodikira ndalama ya basi kuti nawonso alowere komwe mwachokako? Tengani awiri kapena atatu. Nyumba za matailosi zikumangidwa pa Dedza boma, pa Chimbiya, pa Linthipe pomwepo. Mukapeza ntchito pitani nawo, muwachotsetse mzere ukapindika mmene ankakuchitirani. Makolo a anyamatawo sadzabweranso kudzakongola ndalama, adzabwera kudzafunsa mmene mwana akuchitira. Ndipo bambo amene mwana wake mukumuphunzitsa matailosi sangakubisireni mbewu yabwino ya mbatatesi.

Pitaninso ku sukulu ya pulayimale ya kwanuko. Chiyambire maphunziro aulere mu 1994, ana anachuluka kuposa zipinda, ndipo zipinda zambiri zimene mukuziona zinamangidwa ndi njerwa zoumba makolo, mudzi uliwonse tsiku lake. Tsiku la mudzi wanu likafika pitani mukaponde dothi. Mukaona bolodi lafufuma kapena khoma lada, uzani ahedi kuti penti ikapezeka mudzapenta ndinu, ndipo ana a Sitandade 8 adzagwire nawo bulashi. Musagule pentiyo nokha. Komiti isonkhe, kuti chipindacho chikhale cha onse.

Kubwerako kutali si chilema. Inkosi Theresa Kachindamoto anagwira ntchito ya ulembi ku Zomba zaka 27 asanaitanidwe kwawo kuno ku Dedza kudzakhala mfumu. Atapeza ana aang'ono ali pabanja, sanalimbane nazo okha. Anagwira ntchito ndi magulu a amayi, aphunzitsi, a mipingo ndi mafumu ang'onoang'ono, anaimitsa mafumu amene ankaloleza maukwatiwo, ndipo ana ambirimbiri anabwerera kusukulu. Maso a munthu wokhala kunja anawathandiza kuona chimene ena anachizolowera, koma manja ogwira ntchitoyo anali a anthu a m'midzimo.

Funso limodzi: mutafika, munakaonekera kwa amfumu pamodzi ndi atsibweni anu, n'kukamuonetsa mkazi ndi mwana? Ena amaiona ngati nkhani yaing'ono, koma kumudzi imawerengedwa.

Mbewe wa ku Linthipe:

Zikomo nonse, mwandipatsa zoti ndigone nazo. Aphunzitsi, kwa amfumu tinapita ndi atsibweni, nkhuku tinanyamula, mkazi ndi mwana analembedwa m'kaundula wa mudzi. Za anyamatazo zandigwira mtima. Alipo mwana wa mlongo wanga ndi mnzake amene amandifunsa za njira ya ku Joni pafupifupi tsiku lililonse, ndipo ine ndikudziwa zimene zili m'njiramo. Zida zanga zonse ndinabwera nazo, chodulira matailosi chili m'nyumbamu.

Achemwali a Nabanda, mawu anu ndamuwerengera mkazi wanga ndipo analira. Akuti kusukulu mpira wamanja ankasewera pakati. Koma wanenanso kuti pamafuwa apita, chifukwa kwawonso ku Mulanje ndi mmene amachitira.

Amayi Nachisale, kumaliro ndimapita. Chovuta n'chakuti ndikangofika amathamanga kukanditengera mpando, n'kundikhazika pafupi ndi mafumu ndi akulu a mpingo. Ndikati ndinyamuke ndikathandize, amati ayi khalani, alipo anyamata. Ndikane bwanji osaoneka wamwano?

Ndipo pali nkhani ya mwanayu. Chichewa amamva koma poyankhula amasakaniza ndi Chizulu, ndiye anzake amamuzungulira kuti ayankhule aziseka. Wayamba kukana kupita kusukulu.

Nachisale wa ku Bembeke:

Mpandowo musaukane ndi pakamwa. Ulandireni ndi manja awiri, muyang'ane mkulu amene wakhala pansi kapena pa njerwa, mukamupatse, inu mukhale pamene anali iyeyo. Palibe angakutcheni wamwano. Ndipo mukafika usiku mpando sukhalapo, mipando imatuluka masana. Adzukulu ali ndi mkulu wawo. Mupiteni kunyumba tsiku lopanda maliro, mumuuze kuti mukufuna akuwerengereni m'gulu, kuti uthenga wokumba ukamayenda uzifikanso pakhomo panu.

Nabanda mwana wanga, sindikukutsutsa. Mayi wowadzudzula uja ayenera kukhala apongozi a mkaziyo kapena mlamu wake, ndipo aMbewe awauze lero.

Mwanayo musamutsekere m'nyumba. Mugulireni mbuzi yake imodzi azipita nayo kudambo ndi ana a mlongo wanu, ndipo madzulo azikadya kwa agogo ake.

Ngozo wa ku Tsangano:

Za mwanayo ndiwonjezepo. Kuno kwa Angoni a kwa Gomani chilankhulo chathu chinatsala m'nyimbo za ngoma ndi m'mayina, ndipo chimafanana kwambiri ndi Chizulu. Tikamakonzekera mwambo wa Umhlangano umene umachitikira kwa Nkolimbo chaka ndi chaka, pamaso pa Inkosi ya Makhosi Gomani V, anyamata obwerako ku Joni ndi amene amatithandiza kumasulira mawu ena a nyimbo zimene agogo athu anatisiyira. Mudzabwere naye adzaone akuluakulu ovala zikopa ndi nthenga akumufunsa iyeyo tanthauzo la mawu. Muwauzenso aphunzitsi ake kuti mwanayu amadziwa zilankhulo ziwiri, amuimiritse tsiku lina aphunzitse anzake kuwerenga manambala m'Chizulu.

Inuyo mukafuna kuona munda wa mbewu, bwerani mbatatesi ikamachita maluwa, chifukwa nthawi imeneyo mmera wodwala subisika. Mudzabwere ndi mlimi wa kwanuko amene mudzakhale mukumuthandiza kukwezera, kuti mudzasankhe awiri. Kuno kumazizira kuposa ku Linthipe, musaiwale jekete.